Mankhwala Amene Anatsala M'filiji ya Aneba

Panali munthu wina, mayi wosoka zovala, amene ankakhala pa mdadada wa nyumba zoyang'anizana makomo. Anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, wodwala matenda a shuga. Mtsikanayo ankadzibaya jakisoni kawiri pa tsiku, ndipo mankhwala ake ankafunika kukhala pozizira. Filiji pa mdadada wonsewo inali imodzi, ya aneba a khomo loyang'anizana nalo. Kwa zaka zitatu, m'mawa ndi madzulo, mwanayo ankagogoda kumeneko.

Anebawo anali mayi a chipembedzo china. Ankafunda mpango, ankapemphera kasanu pa tsiku, ndipo chaka chilichonse ankasala kudya masana kwa mwezi wathunthu. Wosokayo ankawapatsa moni wansangala, koma akangotembenuka ankawatcha Amayi Mpango.

"Anthu amenewa ndi oopsa," ankauza makasitomala ake uku akuwayeza m'chiuno. "Kasanu pa tsiku, kodi Mulungu ndi wogontha? Kumeneko ndiye kupembedza kopyola muyezo. Ife timapemphera mwanzeru."

Lamlungu pa 3 Marichi, kasitomala wina anamutengera kwa mneneri amene ankapempheretsa m'nyumba yakale yosungiramo katundu. Mneneriyo anavala suti. Buku limene ankawerenga linali lomwe mayiyo analidziwa kuyambira ali mwana, nyimbo zake zinalinso zomwezo, choncho sanaonepo chachilendo. Kutsogolo kunali bokosi lamatabwa. Lamulo la pamenepo linali lakuti wofuna machiritso aponyemo zonse za kuchipatala pamaso pa mpingo, kenako wodwalayo asale kudya masiku atatu.

Pa 10 Marichi mayiyo anaponyamo majakisoni ndi buku la kuchipatala la mwana wake. Anthu anawomba m'manja.

Lolemba mtsikana uja sanagogode kwa aneba. Lachiwiri m'mawa anebawo anabwera okha, kabotolo ka mankhwala kali m'manja.

"Anzanga, mwana sanabwere dzulo. Kwagwanji?"

"Wachira. Kabotoloko katayeni."

"Wanena ndani kuti wachira? Adokotala?"

"Wamkulu kuposa adokotala. Panopa akusala, mawa amaliza."

Anebawo anaika kabotolo patebulo la makina. "Kusala ndimakudziwa, ndakhala ndikusala zaka makumi atatu. Kwathu wodwala sasala, timachita kumuletsa. Mupatseni chakudya, mubayeni, mapemphero mupitirize. Zikulimbana pati?"

Wosokayo anaseka. "Inu mundiphunzitse ine za kupyola muyezo? Yambani mwavula mpangowo, mutu upitidwe mphepo."

Anawabwezera kabotolo kaja, natseka chitseko.

Lachitatu mwanayo anayamba kusanza, ndipo ankangopempha madzi. "Amayi, ndiloleni ndipite kwa aneba, kamodzi kokha," anatero. Mayi ake anaimbira foni mneneri. Iye anayankha kuti chimene chikutulukacho ndi chiwanda, ndipo mayi amene angabwerere m'mbuyo pa ola lomaliza ndiye wopha mwana wake. Mayiyo anakhoma chitseko ndi kugwada.

Lachinayi pa 14 Marichi, cha m'ma 9 koloko m'mawa, mayiyo anapita kukatenga madzi odalitsidwa. Aneba aja anamva kubuula, anasuzumira pawindo, naona mwanayo ali pansi akupuma mothamanga. Anaitana amuna awo, anathyola loko, nathamangira naye kuchipatala. Namwino atamva kuti papita masiku anayi osabaya, anangopukusa mutu. Mtsikanayo anamwalira 3 koloko masana, mutu wake uli pamiyendo pa Amayi Mpango. Anaikidwa m'manda Loweruka pa 16. Mneneri sanabwere, anatumiza uthenga wakuti ali kuphiri.

Lamlungu pa 17 Marichi mneneri uja anaimirira kutsogolo kwa mpingo, namuitana mayiyo kuti abwere pafupi ndi bokosi.

"Machiritso anali atafika pakhomo," anatero. "Koma munthu wosakhulupirira anathyola chitseko, nakhudza mwana wa lonjezo. Taonani kuopsa kwa anthu a zipembedzo zonyanyira."

Mpingo unavomera. Mayiyo analira, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire mwana wake anamva kupepukidwa mumtima, pakuti anali atapatsidwa munthu woti amuloze chala.

Madzulo a tsiku lomwelo aneba aja anabwera ndi ndowa ya madzi ndi mbale ya chakudya, monga ankachitira masiku onse a maliro. Wosokayo anawaimitsa pakhonde, anthu a pa mdadada akuona.

"Mwandiphera mwana. Musadzapondenso pano."

Anebawo anatula ndowa pansi, nabwerera ndi mbale yawo. Pa 30 Epulo anasamuka, chifukwa ana awo anayamba kugendedwa popita kusukulu. Wosokayo mpaka lero amapita kwa mneneri uja. Anamupatsa udindo: ndiye amene amanyamula bokosi pamene odwala atsopano akubwera kutsogolo.

Phunziro: Kunyanyira pa chipembedzo timakuona msanga kukavala zovala za eni, koma kukabwera ndi buku lathu ndi nyimbo zathu timakuwombera m'manja. Musayeze chikhulupiriro cha munthu ndi mpango kapena suti. Funsani chimene chikhulupirirocho chikumulamula kuchita kwa mwana wodwala. Aliyense wokuuzani kuti mutaye mankhwala, ngakhale atchule dzina la Mulungu amene mumam'dziwa, muthaweni. Tumizani nkhaniyi kwa abale anu, makamaka amene ali ndi wodwala m'nyumba, lisanafike Lamlungu likubwerali.