Uthenga wa Malemu Pulofesa

Cholembera chofiira cha Madamu chinaima pa tsamba lomaliza la kafukufuku wa mtsikana wina amene ankamuphunzitsa, pomwe wophunzira amandandalika mabuku ndi anthu amene wabwerekako mawu. Mtsikanayo anali atalemba mwadongosolo: dzina la mwini mawu, chaka, mutu wa buku, tsamba. Koma mzere umodzi unawaumitsa thupi. Unatchula Pulofesa wina, n'kuwonjezera kuti, "kukambirana pa mauthenga a foni, Marichi chaka chino."

Pulofesayo anali bambo awo a Madamu. Anawaika m'manda chaka chatha.

Mtsikanayo anali atakhala kutsidya kwa tebulo, atapanira chikwama pamiyendo. Lamulo la pa yunivesite ankalidziwa: wopeka gwero amachotsedwa sukulu, digiri osaiona.

"Timatchula mwini mawu kuti wowerenga akathe kumupeza n'kutsimikiza," anatero Madamu. "Ndiye awawa ndikawapeze kuti? Kumanda?"

"Sindinapeke, Madamu. Nambala ndinaipeza pa chikalata chakale cha dipatimenti. Ndinkalemba funso, iwo n'kuyankha. Zoti anamwalira ndamva lero."

Madamu zinawanyansa. Kunamizira amoyo n'koipa kale, nanji akufa! Ofesi imeneyi inali ya malemuwo, ndipo mabuku awo asanu anali akadali pa shelefu. Lililonse linkayamba ndi kamzere kothokoza "mayi a kunyumba, amene anataipa." Madamu anakula akumva makina otaipira akulira kuchipinda, amayi awo ali chiweramire, bambo akuwerenga nyuzipepala pakhonde.

"Bweretsa foniyo."

Madamu anayamba kuwerenga mauthengawo. Ziganizo zake zinali zazifupi, zakuthwa, ngati za m'mabuku aja. Uthenga uliwonse unkathera pa mawu amodzimodzi: "Usandikhulupirire, kafufuze." Umu ndi mmene malemu ankatsekera makalata onse opita kwa ophunzira. Pakamwa anali munthu wa mawu ochepa. Ukawafunsa funso lovuta m'kalasi ankangomwetulira n'kunena kuti, "Lemba, ndikakuyankhira kunyumba."

Nambala inalinso yomweyo, imene Madamu anailoweza ali mwana wa sukulu.

M'ofesimo munazizira ngakhale kunja dzuwa linali phwee. Madamu anachita mantha enieni. Anayang'ana mpando wakale wa malemu pakona, wokhala ndi dzenje pomwe ankakhalapo, ndipo sanafunenso kuuyang'ana. Komabe digiri ya mwana wa eni ake sikanathera pa mantha awo. Gwero limafufuzidwa. Anadina nambala ija pa foni ya mtsikanayo.

Foni inaitana. Mtsikanayo anagwira pakamwa. Inaitananso, kenako wina anayankha. Kunamveka kupuma kwa munthu wachikulire.

"Halo?" Madamu ananong'ona. "Ndani... ndani amene ali ndi foni ya Pulofesa?"

"Ndiwe kodi, mwanawe?" Mawuwo anali a amayi awo. "Mtsikanayo usamuchotsetse sukulu, zimene ndinamuuza n'zoona. Wangolakwitsa dzina la mwini mawu. Koma usamudzudzule, ngakhale mabuku asanu ali m'ofesi mwakomo analakwitsa pomwepo."