Mauna Asanu a Nkhanu

Padangokhala Nkhanu, amene chaka chilichonse ankakumba una polekezera madzi a pathamanda. Tsiku lina atacheukira kumtunda adaona mauna ake akale asanu, onse ouma, uliwonse m'munsi mwa unzake.

Pamsonkhano wa nyama za pathamandapo adauza Chule, wapampando wawo, kuti, "Bwana, madziwa akutithawa chaka ndi chaka. Tisamukire kumtsinje."

Chule adatupitsa khosi. "Mvula yagwa dzulodzuloli, mayi. Inu oyenda chammbali, zakutsogolo mwaziona liti?"

Onse adawomba m'manja. Nkhanu adanyamuka yekha, chammbali momwemo.

Patapita zaka zitatu, Chule adaitanitsa msonkhano pamatope ong'aluka, wofufuza komwe madzi apita. Adabwera Kakowa yekha, asanadye kanthu. Nthano yathuyi idatsikira pakhosi pake, pamodzi ndi wapampando.