Nyumba Yosaoneka pa Mapu

Ku Mphonde, banja limene nyumba yake sinkaoneka pa mapu ojambulidwa kuchokera kumwamba a pakompyuta ya ku laibulale silinkaloledwa kutunga madzi pamjigo. Nyumba ya Nagama inabisika pansi pa mtengo wamango umene malemu mwamuna wake anabzala.

"Ine ndikuona masamba okhaokha, mayi," anatero bambo Kamwendo, woyankha mafunso kulaibulaleko, Nagama atapita kukadandaula. "Nanga masamba amatunga madzi?"

Ana ake atayamba kutsegula m'mimba ndi madzi akudambo, Nagama anabwereka nkhwangwa. Anagwetsa mtengowo yekha, mango asanakhwime n'komwe, nathamangira ku laibulale manja ali matuza okhaokha.

Bambo Kamwendo anakulitsa chithunzi cha mapu aja. Mtengo unali chiimire, wobiriwira bwino.

"Chithunzichi n'chakale, mayi. Akadzajambulanso tidzakuuzani. Pakadali pano muzithokoza kuti muli ndi mthunzi."