Chiwindi cha Loweruka

Chiwindi chinali chitangoyamba kulira m'mafuta pamene Sungeni anamva mapazi pa masitepe. Anazimitsa gasi msangamsanga. Anaima chilili, supuni m'manja.

Mawindo onse anali atatseka. Kunsi kwa chitseko anatsekako ndi tawulo yonyowa, ndipo pabalaza lubani ankafuka ngati m'tchalitchi. Koma chiwindi sichimva zimenezo, abale. Fungo lake limatulukira ndi pabowo la kiyi pomwe.

Mafulati amenewa, a ku Parklands mumzinda wa Nairobi, anali ndi lamulo limodzi, ndipo mwini wake, mayi Dodhia, analitchula katatu tsiku lolowa: muno simulowa nyama, nsomba kapena dzira. Iwo ndi banja lawo, amwenye opemphera kwambiri, anali asanalaweko chamagazi chibadwire. Banja la ku Uganda la pa nambala 6 linapakira katundu chifukwa cha nkhuku imodzi yokha.

Mwamuna wa Sungeni, Gresham, ponyamuka kupita ku ntchito ya mpingo ku Kisumu, anachita kumugwira dzanja.

"Amake Ndaona, chonde. Nyumba yabwino chonchi, pafupi ndi sukulu ya mwana, sitidzaipezanso."

Anavomera. Koma miyezi isanu ndi itatu ya nyemba ndi masamba a sukuma, ha! Kwawo ku Mchinji nyama inkaoneka pa Khirisimasi ndi paukwati, ndiye munthu unkapirira poti kulibe. Nanga kuno? Nairobi yonse ya 2003 inkanunkhira mbuzi yootcha, anthu akungotafuna pakona paliponse, iwe ukungomeza malovu. Choncho Loweruka lililonse ankakwera minibasi, imene kuno amati matatu, kupita ku msika wa ku Ngara, n'kugula kachiwindi ka ng'ombe, n'kukakulunga m'nyuzipepala, n'kukakwirira pansi pa masamba m'basiketi.

Kenako mayi Dodhia anayamba zachilendo. Loweruka lapitalo Sungeni anawaona ataima pakhonde lake, mphuno ili m'mwamba. Lachiwiri mlonda anamunong'oneza kuti mayiwo akufunsa kumene Sungeni amagula ndiwo. Ngakhale mwana wa mayi Dodhia, Hetal, mtsikana amene anali atangotuluka m'chipatala, wotuwa ngati phulusa, wokwera masitepe mopumira, ankamuyang'anitsitsa osaphethira. Banja lonse linali litamutulukira basi.

Mapazi aja anaima pakhomo.

Go! Go! Go!

Sungeni anaponya chiwaya mu uvuni. Anachitulutsa. Anachilowetsa m'kabati ya mbale, chikumuotcha zala. Anasamba m'manja, n'kuwanunkhiza, n'kusambanso. Adzamuuza chiyani Gresham? Kuti banja lagona panja chifukwa cha nkhuli ya mkazi wake? Manyazi ake! Anadzida kwambiri.

Go! Go! Go!

Anakankha tawulo ija ndi phazi n'kutsegula.

Mayi Dodhia anali okha, nsalu atafunda mpaka kumutu. M'manja anali ndi pepala lopinda, chidindo chofiirira chikuonekera kuseri. Sungeni anabwerera m'mbuyo. A ku Uganda aja nawonso zinayamba ndi pepala.

Mayiwo sanadikire kuti alowetsedwe. Analowa, anatseka chitseko okha, mpaka kukhoma ndi kiyi. Anayang'ana tawulo. Anayang'ana lubani. Anakoka mpweya pang'onopang'ono, nkhope atakwinya.

"Mukuphika nyama," anatero m'Chingerezi, motsitsa mawu.

Sungeni anafuna kukana, koma m'kabati muja mafuta anali akuthethekabe. Anangogwada.

"Pepani mayi, ndalakwa ndine. Bambo akunyumba kuno sakudziwa kanthu. Tipatseniko mwezi umodzi wokha, mwana amalize teremu, tipeze kolowera."

"Ndi chiwindi?"

"Ndi chiwindi, mayi."

"Mumaphika Loweruka lililonse?"

Sungeni anagwedeza mutu, misozi ikulengeza. Kunamanso kunalibe ntchito.

Mayi Dodhia anatambasula pepala lija. Pamwamba pake panali dzina la chipatala, m'munsi dzina la Hetal.

"Adokotala akuti magazi amuthera, ndipo mapiritsi akungomusanzitsa. Akuti azidya chiwindi, koma ine sindidziwa ndi pochigwira pomwe." Nawonso anagwada. "Muzimuphikira muno, bambo ake asadziwe. Hetal ali pamasitepepa. Ndimuitane?"