Mathiredi Anayi a Wided

Wided anawerenganso mizere ya pa sikirini. Kompyuta yaikulu ya pa yunivesite yawo ku Sfax inali ndi timitu 64 togwira ntchito nthawi imodzi, timene amati mathiredi. Pulogalamu yake inkayenda pa tinayi tokha. Tina tonse tinali pa dzina la Si Mongi, aphunzitsi ake, ndipo tinkawerengera mchere wa m'zitsime za kafukufuku wa Wided, zomwe iye mwini anazungulira chilimwe chonse akutunga madzi m'timabotolo.

Chaka chathunthu bambowa ankangoti, "Ntchitoyi uziigawa mathiredi anayi basi, mwana wanga. Makinawa ndi okalamba ngati ine, ukawasenzetsa zambiri agwa." Wided ankamvera, n'kumathokozanso. Tsopano zotsatira zake zinali kudikira milungu itatu, pamene za aphunzitsiwo zinali zoti zituluke mawa lake. Ndipo amene wayamba kusindikiza ndiye amatchedwa mwini kafukufuku.

Chitseko chinatseguka. Si Mongi analowa atanyamula matambula awiri a tiyi wotentha.

"Bulu wathu akuyendabe?" anafunsa akuseka. "Usamuthamangitsetu, angathyoke mwendo."

"Akuyenda, Si Mongi."

"Anayi omwe aja, eti? Iwe ndiye mwana womva."

Wided anatembenuza sikirini pang'onopang'ono mpaka inayang'anana nawo.

"Tandiwerengerani, aphunzitsi. Ine maso atopa."

Kuseka kuja kunazilala. Matambula aja ankawawotcha zala, koma anangoima nawo pomwepo, osadziwa powaika.