Azakhali Clotilda Apepesa Maliro ku Ulaya

"Odi kuno! Odi eni nyumba!" Azakhali Clotilda anagwada pakhomo la nyumba ina yachifumu, akuwomba m'manja. Azungu odzaona malo ankangowalambalala ndi makamera awo.

"Ba Anti, nyamukani, mwanichititsa manyazi," ananong'ona Towela, mwana wa mlongo wawo, nesi wa ku Ulaya komweko, amene anawatenga Loweruka kukaona nyumba zakale.

"Iwe, kwa mfumu salowa monga m'chimbudzi. Ninauza azimayi onse a ku Bundabunda kuti nizagwirana chanza na mfumu ya azungu. Nikabwerera chabe, azaniseka mpaka kuchigayo."

"Mfumu yake inafa kalekale, agogo a agogo anu asanabadwe. Muno simukhala munthu."

Azakhali ananyamuka. Kenaka anamanga chitenje m'chiuno, nakhala pansi tambalale, nkuyamba: "Mayo ine! Mwatisiya na ndani, atate!" Msozi ngakhale umodzi panalibe, koma mawu anagunda denga. Mlonda anabwera akuthamanga.

Azakhali anatsegula diso limodzi. "Jambula msanga, mwana iwe. Tizawauza kuti basi inachedwa, tinapeza aika kale."