Miyendo ya Sakina

Ramadhani anakhala pa benchi la kachipatala ka ku Salima atavala jekete yake ya ku Joni, dzuwa la Okutobala 1952 likuswa mtengo. Kumanja kunali mkazi wake Sakina, miyendo ili yotupa, yodzaza mabanga akuda a magazi oundana pansi pa khungu. Kumanzere kunali amalume a mkaziyo, a Mustapha, amene anali atagamula kale kuti adokotala akangoti zimenezi ndi zomenyedwa, mwana wawo abwerera kwawo tsiku lomwelo.

Zinamuwawa Ramadhani. Iye, munthu woti ndi nkhuku yomwe amachita kuipempha kuti ichoke pakhomo! Koma amayi ochapa kunyanja ankangoti zii iye akamadutsa, pomuyesa womenya mkazi. Chikhalirecho iye ankamukonda zenizeni mkazi wakeyo, ndipo sankafuna n'komwe kuganiza zobwerera yekha kunyumba.

Adokotala anadina mwendo, nayang'ana nkhama za Sakina.

"Mayiyu sanamenyedwe. Magaziwa akutuluka okha m'kati. Ndi matenda."

Munthu wanzeru akanangoti Alhamdulillah n'kukhala chete. Koma Ramadhani nzeru zake anali ataziiwala ku mgodi. Anaimirira, nakonza kolala.

"Mwamva, amalume? Ine kumenya mkazi? Funsani mmene ndimamusungira!"

"Amadya chiyani kunyumba?" anafunsa adokotala.

"Mpunga woyera, buledi, tiyi wa shuga, nsomba za m'chitini. Chibwerereni ine, miyezi isanu ndi itatu, masamba sanalowepo m'nyumba mwanga. Bonongwe, chisoso, malambe, zotolatola zonse ndinaletsa. Mkazi wa Ramadhani si mbuzi!"

Anacheuka monyada kuti aone amalume akuchita manyazi.

Adokotala anaika cholembera pansi. "Bambo, matendawa amagwira munthu wosadya masamba ndi zipatso."

Ramadhani anakhala pansi pang'onopang'ono. Anayesa kuseka, sizinatheke. "Pepani, umbuli. Tonse awiri tadzizunza nacho chizungu chimenechi."

"Kwezani buluku," anatero adokotala.

Anakweza. Miyendo inali yosalala, yonyezimira ngati ya mwana.

"Nyumba imodzi, chakudya chimodzi, inu muli bwinobwino bwanji?"

Sakina anayankha maso ali pansi: "Iwowa masana aliwonse amazembera kwa amayi awo kukadya nkhwani wotendera."

A Mustapha anamugwira dzanja mwana wawo. "Tiye, ukadyeko masamba kwanu."